Wansembe Amene Kafukufuku Wake Adaiwalika: Kodi Ntchito ya Katswiri Imayezedwa Bwanji?

Pa 29 Okutobala 2018, bungwe la akatswiri a zakuthambo a pa dziko lonse, la International Astronomical Union, lidalengeza zotsatira za voti ya mamembala ake. Mwa akatswiri 4,060 amene adavota, 78 pa 100 alionse adavomereza kuti lamulo lina lalikulu la sayansi, limene kwa zaka zambiri linkadziwika ndi dzina la Edwin Hubble wa ku America yekha, lizitchedwa lamulo la Hubble ndi Lemaître. Dzina loonjezerali ndi la Bambo Georges Lemaître, wansembe wa Mpingo wa Katolika wa ku Belgium, amene pa nthawiyo n'kuti atagona m'manda zaka 52. Lipoti la kafukufuku limene lidawapatsa ulemuwu adalilemba mu 1927, kutanthauza kuti padapita zaka 91 dzina lao lisadaikidwe pamalo pake.

Mwina ena mwa ife tingaganize kuti nkhani yotere ndi ya kutali ndi Limbuli. Koma ana athu akuphunzira ku yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo ndi ku yunivesite ya Katolika ku Nguludi. Aphunzitsi ao, ndiponso ena mwa anawo m'tsogolo muno, amakwezedwa pa ntchito ndi kulandira ndalama za kafukufuku poona kuchuluka kwa zimene adalemba ndi kuchuluka kwa anthu amene adazitchula. Ndi bwino tsono kuti timvetse sikelo imeneyi, zimene imatha kuyeza ndi zimene siziona. Moyo wa Bambo Lemaître utithandiza pa zimenezi.

Kutchulidwa n'kutani?

Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba lipoti n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akonzi amapempha akatswiri ena kuti aliunike, ndipo akakhutira lipotilo limasindikizidwa. Kumapeto kwa lipoti lililonse mlembi amandandalika maina a anthu amene iye adagwiritsa ntchito nzeru zao. Dzina la munthu likaoneka pa mndandanda wotero, timati watchulidwa kamodzi. Malipoti 200 akatchula lipoti limodzi, ndiye kuti lipotilo latchulidwa ka 200.

Ganizo losonkhanitsa ndi kuwerenga maina otchulidwawa adalifalitsa ndi Eugene Garfield wa ku America mu 1955, ndipo kaundula wake wotchuka, Science Citation Index, adayamba kutuluka mu 1964. Kuyambira mu 2004 aliyense wokhala ndi intaneti angathe kuona ziwerengero zotere pa Google Scholar. Mu 2005 katswiri wa fizikisi Jorge Hirsch adayambitsa nambala imodzi yoyezera ntchito yonse ya munthu, yotchedwa h-index. Kawerengedwe kake n'kosavuta: ngati munthu ali ndi malipoti 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10, nambala yake ndi 10. Akakhala ndi malipoti 40 otchulidwa kosachepera ka 40 lililonse, nambala yake ndi 40.

Ife a m'dera la tiyi ntchito ya sikelo timaidziwa. Wothyola tiyi akadzaza dengu amapita nalo pa sikelo, kalaliki n'kulemba makilogalamu. Sikeloyo ndi yofunika, pakuti popanda iyo malipiro angamayende mwa tsankho. Komabe sikelo sidziwa ngati m'dengumo muli masamba awiri anthete ndi kansonga kapena masamba okhwima. Ubwino wa tiyi amaudziwa ndi olawa a ku fakitale ndi ogula a ku okushoni ku Limbe. Chiwerengero cha kutchulidwa chilinso chimodzimodzi: chimatiuza kuti ntchito ya munthu idamveka patali bwanji, koma sichitiuza ngati ntchitoyo idali yoona, kapena ngati mwini wake ndiye adayamba kuitulukira.

Bambo Lemaître adali yani?

Georges Lemaître adabadwa pa 17 Julayi 1894 mu mzinda wa Charleroi. Adayamba maphunziro a uinjiniya pa yunivesite ya Katolika ya Louvain, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914 adalowa usilikali. Nkhondo itatha adabwerera ku sukulu n'kuphunzira masamu ndi fizikisi, kenaka adalowa seminale. Adadzozedwa unsembe mu Seputembala 1923 ndi Kadinala Mercier, ndipo adali wansembe wa dayosizi, osati wa chipani.

Chaka chomwecho adapita ku Cambridge ku England kukaphunzira kwa Arthur Eddington, katswiri amene mu 1919 adayeza kuwala kwa nyenyezi pa nthawi ya kadamsana ali pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, n'kutsimikiza chiphunzitso cha Albert Einstein chonena za mphamvu yokoka zinthu. Atachoka kumeneko adapita ku America, ku Harvard ndi ku MIT, kumene adadziwana ndi anthu amene ankayeza thambo ndi matelesikopu akuluakulu. Mu 1925 adabwerera ku Louvain kukaphunzitsa. Motero adali ndi zinthu ziwiri zimene anthu ochepa okha pa nthawiyo adali nazo pamodzi: ankadziwa masamu a Einstein, ndipo ankadziwanso zimene oyeza thambo adali atangopeza kumene.

Zimene adapeza mu 1927

Usiku kukakhala kopanda mitambo timaona mkuzi woyera wa nyenyezi wodutsa pathambo, umene timautcha mlalang'amba. Dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezi mabiliyoni ambiri za m'gulu limenelo. M'zaka za m'ma 1920 kudadziwika kuti kuli milalang'amba ina yosawerengeka kutali kwambiri ndi wathuwu. Katswiri wina, Vesto Slipher, adali atayeza kuwala kwa milalang'amba ingapo n'kupeza kuti pafupifupi yonse ikutithawa. Adadziwa bwanji? Galimoto ikamaliza hutala pa msewu wa ku Muloza, kulira kwake kumamveka kosongoka pamene ikubwera, koma ikangotidutsa kulirako kumatsika. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi: chinthu chikamatalikira, kuwala kwake kumapendekera ku mtundu wofiira.

Pa masiku amenewo akatswiri ambiri, ngakhale Einstein yemwe, ankakhulupirira kuti chilengedwe chonse chidangoima, sichikula ndipo sichichepa. Bambo Lemaître adaonetsa mwa masamu kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo n'chifukwa chake milalang'amba ikutalikirana. Tiyerekeze ufa wa mandasi wothira yisiti umene taikamo njere za mtedza. Ufawo ukamafufuma, njere iliyonse imatalikirana ndi zinzake zonse, ndipo njere zimene zidali kutali kale zimatalikirana msanga kuposa zoyandikana. Njerezo sizikuyenda mu ufamo ai, ufawo ndiwo ukukula. Ili ndilo lamulo lija: mlalang'amba ukakhala patali kawiri, umathawanso mwa liwiro lowirikiza kawiri.

Wansembeyu sadalekere pa masamu okha. Adatenga miyezo ya milalang'amba 42 n'kuwerengera liwiro la kufutukukako. Adapeza makilomita pafupifupi 625 pa sekondi, pa mtunda uliwonse umene kuwala kumayenda zaka mamiliyoni 3.26. Nambalayo idali yokwera kwambiri chifukwa miyezo ya mitunda ya nthawi imeneyo idali yolakwika, ndipo lero akatswiri amapeza pakati pa 67 ndi 73. Koma ganizo lenilenilo lidali loona, ndipo iwo ndiwo adayamba kulilumikiza ndi miyezo ya thambo.

Chifukwa chiyani sadamveke?

Lipoti lao lidali la masamba ochepa, lolembedwa m'Chifalansa, ndipo lidatuluka m'magazini ya bungwe la akatswiri achikatolika la ku Brussels, yotchedwa Annales de la Société Scientifique de Bruxelles. Akatswiri a zakuthambo a ku England ndi ku America sankaiwerenga kawirikawiri magaziniyo. Zidali ngati mlimi wabwera ndi nanazi zokoma pa msika wa Limbuli koma wakayala kuseri kwa magolosale, kumene ogula sadutsako.

Mlembiyo adayesetsa ndithu kudziwitsa anzake. Mu Okutobala 1927 adakumana ndi Einstein ku Brussels. Malinga ndi zimene Bambo Lemaître adafotokoza pambuyo pake, Einstein adavomereza kuti masamuwo adali olondola koma adakana kwa mtu wa galu kuti chilengedwe chingakhale chotero. Adawauzanso kuti katswiri wa ku Russia, Alexander Friedmann, adali atalemba kale masamu ofanana nawo mu 1922. Friedmann adamwalira mu 1925 ntchito yake isadalabadidwe, ndipo iye sadaiyerekeze ndi miyezo ya milalang'amba. Eddington nayenso adalandira lipoti la wophunzira wake wakaleyu, koma adaliika pambali n'kuliiwala.

Mu 1929 Edwin Hubble, amene ankagwiritsa ntchito telesikopu yaikulu koposa pa nthawiyo pa phiri la Mount Wilson ku California, adasindikiza lipoti lake m'Chingerezi, m'magazini yotchuka ya Proceedings of the National Academy of Sciences. Adaonetsa ndi milalang'amba 24 kuti liwiro limakula molingana ndi mtunda, ndipo adapeza nambala ya pafupifupi 500. Lipotilo silidatchule Bambo Lemaître. Lidawerengedwa paliponse, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu adayamba kunena za lamulo la Hubble. Ngakhale telesikopu yotchuka imene idaponyedwa m'mlengalenga mu 1990 idapatsidwa dzina lomwelo.

Tiyenera kunena mwa chilungamo kuti Hubble adagwira ntchito yaikulu. Miyezo yake ndiyo idakhutiritsa okayika. Koma pakadakhala munthu wowerenga kutchulidwa kwa malipoti mu 1929, bwenzi atalemba kuti wansembe wa ku Louvain alibe chimene wachita.

Ndime zimene zidasowa

Mu Januwale 1930 akatswiri adakumana ku London n'kumadandaula kuti palibe masamu ofotokoza zimene Hubble adaona. Bambo Lemaître atawerenga za msonkhanowo adalembera kalata Eddington yomukumbutsa za lipoti la 1927 lija. Eddington adavomera kuti adaliiwala, ndipo adakonza zoti limasuliridwe m'Chingerezi. Lidatuluka mu 1931 m'magazini ya Monthly Notices of the Royal Astronomical Society, ndipo kuyambira pamenepo dzina la wansembeyu lidayamba kumveka.

Koma m'kumasulirako mudasowa ndime zimene zidali ndi nambala ija ya 625, umene udali umboni wakuti iwo adatsogola. Patapita zaka zambiri, anthu ena atayerekeza Chifalansa ndi Chingerezicho adayamba kukayikira kuti wina adachotsa dala ndimezo pofuna kuteteza ulemu wa Hubble. Mu 2011 katswiri wina, Mario Livio, adafufuza m'makalata akale n'kupeza kalata ya pa 9 Malichi 1931 imene Bambo Lemaître adalembera mkonzi wa magaziniyo, William Smart. Kalatayo idaonetsa kuti womasulira adali Bambo Lemaître eni ake, ndipo ndimezo adazisiya okha. Maganizo ao adali akuti miyezo yakale ija idalibenso ntchito popeza kudali kutatuluka miyezo yabwino kuposa. Kwa iwo chofunika chidali chakuti owerenga alandire nambala zolondola, osati kuti adziwe amene adayamba.

Sadataye nthawi ndi kulimbirana ulemu. M'chaka chomwecho cha 1931 adalemba kalata yaifupi m'magazini ya Nature, yonena kuti ngati chilengedwe chikufutukuka, ndiye kuti kalekale zonse zidali pamodzi m'kanthu kamodzi kothinana koopsa, kamene iwo adakatcha atomu yoyamba. Ganizo limeneli ndilo lero limatchedwa Big Bang, dzina limene lidachokera kwa Fred Hoyle, katswiri wotsutsa ganizoli, polankhula pa wailesi ya BBC mu 1949. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson adalengeza kuti apeza mafunde ofooka ochokera mbali zonse za thambo, amene ndi zotsalira za kutentha kwa pachiyambi. Nkhaniyi idawapeza Bambo Lemaître akudwala, ndipo adamwalira pa 20 Juni 1966. Lero akatswiri amawerengera kuti kufutukukaku kudayamba zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo. Akulu akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene sikelo siona

Choyamba, chiwerengero chimakondera amene adatchuka kale. Mu 1968 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Robert Merton, adaonetsa kuti akatswiri awiri akapeza chinthu chimodzi, ulemu umapita kwa wodziwikayo. Khalidweli adalipatsa dzina la Mateyo, potengera mau a m'fanizo la matalente pa Mateyo 25:29, onena za kuonjezeredwa kwa amene ali nazo kale. Merton adangobwerekako dzinalo, sankamasulira fanizo la Ambuye. Koma zimene adaona n'zoona: olemba ambiri amatchula lipoti chifukwa anzao adalitchula.

Chachiwiri, chiwerengero chimachedwa. Bambo Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, adasindikiza kafukufuku wao wa nsawawa mu 1866 m'magazini yaing'ono ya mu mzinda wa Brno. Ntchitoyo idagona mpaka mu 1900, pamene akatswiri ena adaitulukiranso, ndipo lero ndiyo maziko a sayansi ya chibadwa imene obereketsa mbewu amadalira.

Chachitatu, kutchulidwa kwambiri sikutanthauza kuti ganizo ndi lalikulu koposa. Mu 2014 magazini ya Nature idapeza kuti lipoti lotchulidwa koposa onse lidali la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni, limene lidali litatchulidwa koposa ka 300,000. Ndi lipoti lothandiza, monga khasu lithandizira mlimi aliyense, koma lidaposa kutali malipoti a Einstein pa chiwerengero.

Chachinai, dzina limodzi limaphimba maina ambiri, pamene mutu umodzi susenza denga. Liwiro la milalang'amba limene Lemaître ndi Hubble adagwiritsa ntchito, lambiri adaliyeza ndi Slipher. Njira yoyezera mitunda idachokera kwa mai Henrietta Leavitt a ku Harvard, amene adaunika nyenyezi za m'kamtambo koyera kamene ife timakaona ndi maso chakumwera m'miyezi ya kumapeto kwa chaka. Lipoti la zimene maiwa adapeza lidatuluka mu 1912 litasainidwa ndi mkulu wao wa pa ntchito, Edward Pickering. Chifukwa cha zovuta ngati zimenezi, mu 2012 gulu la akatswiri ndi akonzi lidagwirizana ku San Francisco kuti lipoti liziweruzidwa poliwerenga, osati pongoona kutchuka kwa magazini imene lidatulukamo.

Kutchulidwa pa zimene sudanene

Pali vuto linanso limene likutikhudza ife akhristu. Munthu angathe kutchulidwa kwambiri koma pa zimene iye sadanene. Mu Novembala 1951 Papa Pius XII, polankhula kwa akatswiri a bungwe la sayansi la Apapa, adayamikira chiphunzitso chatsopanochi ngati kuti sayansi yachitira umboni kulengedwa kwa dziko. Bambo Lemaître, amene adali membala wa bungwelo kuyambira mu 1936, sadakondwe nazo. Mu 1952, polankhula kwa akatswiri a zakuthambo, Apapa sadabwerezenso mfundoyo. Mu 1958, pa msonkhano wa akatswiri ku Brussels, Bambo Lemaître adanena poyera kuti ganizo la atomu yoyamba silikakamiza munthu kukhulupirira kapena kukana Mulungu. Mpingo sudawadzudzule, ndipo mu 1960 Papa Yohane XXIII adawasankha kukhala mtsogoleri wa bungwe la sayansi lija.

Akatekisiti, apa pali chenjezo. Achinyamata a ku sekondale amafunsa ngati buku la Genesesi likutsutsana ndi zimene amaphunzira m'kalasi. Tingawayankhe moona kuti amene adayambitsa ganizo la Big Bang adali wansembe wokhulupirika pa unsembe wake mpaka imfa. Koma tisawauze kuti iye adatsimikiza Genesesi ndi masamu, pakuti mwini wake adakana zimenezo. Sayansi imafufuza mmene chilengedwe chidakulira, ndipo nambala zake zimasintha monga 625 idasinthira kufika pafupi ndi 70. Chikhulupiriro chimanena za Iye amene amapatsa zinthu zonse kukhalapo. Tikamangirira chikhulupiriro cha mwana pa nambala, tsiku limene nambalayo idzasinthe mwanayo adzagwedezeka.

Zimene tingatolepo ife

Kufupi nafe ku Mimosa kuli malo a kafukufuku wa tiyi a bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa. Mitundu ya tiyi imene idabereketsedwa kumeneko yabzalidwa m'Malawi muno ndi m'maiko oyandikana nafe. Mlimi wamng'ono amene wabzala mbande zotero salemba lipoti lotchula katswiri amene adazipanga, choncho phindu la ntchitoyo limaoneka m'munda koposa m'kaundula wa kutchulidwa. N'chimodzimodzinso ndi kabuku ka ulimi kapena ka zaumoyo kolembedwa m'Chichewa kapena m'Chilomwe: kangathe kusintha mabanja ambiri koma osawerengedwa konse pa sikeloyi.

Izi sizikutanthauza kuti akatswiri athu azibisa ntchito yao. Nkhani ya Bambo Lemaître ikuonetsa kuti malo ndi chilankhulo chimene munthu wasindikizira zili ndi mtengo wake, ndipo ikuonetsanso kuti kalata imodzi yaulemu yokumbutsa Eddington ndiyo idatsegula khomo. Lero zinthu zapepukako, chifukwa magazini a kuno monga Malawi Medical Journal amapezeka pa intaneti kudzera ku African Journals Online, ndipo wina wa ku Brazil kapena ku India angathe kuwawerenga. Wachinyamata wokonda nyenyezi alinso ndi kolowera pafupi, popeza South Africa idatsegula telesikopu yaikulu ya SALT mu 2005 ndi ya MeerKAT mu 2018. Katswiri wathu ali ndi ngongole ziwiri: kulembera akatswiri anzake m'chilankhulo chimene amawerenga, ndi kubwezera zimene wapeza kwa anthu a kwao m'chilankhulo chao.

Kwa ife tonse, kutchula mwini wa nzeru ndi nkhani ya chilungamo. Mwana wa sukulu amene amakopera ntchito ya mnzake pa intaneti n'kulembapo dzina lake akuphwanya lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu nthawi imodzi, pakuti waba ndiponso wanama. Mtsogoleri wa mphakati amene walandira ganizo labwino kwa mai wina wosaphunzira, akamalipereka ku khonsolo ya parishi anene kuti lidachokera kwa yani. Katekisiti akatenga mfundo m'kalata ya Maepiskopi kapena m'Katekisimu, auze ophunzira ake kumene waitenga kuti akathe kukaiwerenga okha. Ndipo tikamva kuti wakutiwakuti ndi katswiri wamkulu chifukwa watchulidwa kambirimbiri, timulemekeze, koma tifunsenso kuti: kodi adapeza chiyani, ndipo kodi ena ataziyesa adapeza kuti n'zoona?